Chikwangwani cha a Yusufu

"Gwirani bwino, mukundipendeketsera zilembo," anatero a Yusufu.

Matilda anapanikiza thabwalo patebulo. Anali atangoweruka kuchipatala komwe ankagwira ntchito ya unamwino. A Yusufu, bambo wa imvi amene kale ankalemba zikwangwani za masitolo ku Limbe, ankayendetsa burashi pang'onopang'ono, ataluma mlomo.

Komiti ya m'dera lawo ku Sheffield inali itagwirizana kuti tinjira ta pakati pa nyumba tipatsidwe mayina m'zilankhulo za anthu okhalamo, Chingerezi chikhale m'munsi. Asomali anapatsidwa kawo. Kanjira kotsetsereka kopita kokwerera basi kanagwera Amalawi, chifukwa a Yusufu ankakhala pomwepo. Iwo anakatcha Pondani Bwino.

"Koma ankolo, dzinali likumveka ngati la shabini," anatero Matilda.

"Inu simunatererepo apa nthawi ya chisanu. Ine msana wangawu ukupadziwa."

Chifikireni ku Mangalande, a Yusufu ankadikira yankho la pempho lawo lokhala m'dzikomo, ndipo lamulo silinkawalola kugwira ntchito. Aka kanali koyamba Matilda kuwaona akuimba kamluzu. Tsiku limenelo anamaliza mawu a Chichewa. Mawu a Chingerezi anati alemba akabwerako kosayina, ku ofesi yoona za anthu olowa m'dziko.

Sanabwereko. Kenani, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, ndiye anaimbira Matilda.

"Awagwira, achemwali. Akuti pempho lija analikana. Awatengera kutali, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo."

Matilda anathamangira kwa loya, kwa abusa, kwa aliyense amene akanamumvera. Onse anamumvera chisoni, koma palibe anali ndi chochita. Kenani nayenso anasamutsidwira ku Newcastle, ndipo anasiyira Matilda thabwa lija atalikulunga m'pepala lakuda la zinyalala.

Matilda analinyamula mpaka kumsonkhano wa komiti. Mayi wapampando analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi lokongola," anatero mayiyo m'Chingerezi. "Koma tinagwirizana kuti chilankhulo chikhale cha munthu wokhala pa kanjirako. Pano palibenso Mmalawi pamenepo."

"Ine ndimadutsapo tsiku lililonse."

"Mumadutsa, inde. Tikakulolani inu, ena nawonso abwera. Pepani kwambiri."

Patapita masiku, pa kanjira kaja anazikapo chikwangwani chachitsulo, cha Chingerezi chokha, chokhala ndi dzina la mtengo umene Matilda sankaudziwa n'komwe.

Lamlungu masana foni inalira. Anali a Yusufu, mawu atasasa.

"Akuti ndege ndi mawa. Musadandaule, mwana wanga. Nanga thabwa lija muli nalo?"

"Ndili nalo, ankolo."

"Chingerezicho mupeze wa dzanja labwino. Zilembo zikhale zazing'ono, zisapose zathu. Ndipo misomali ikhale yosachita dzimbiri, mvula ya kumeneko mukuidziwa."

Matilda anatsegula pakamwa kuti awauze zoti komiti inalikana thabwalo. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka anthu ena akukangana, akudikira foni yomweyo.

"Ndamva, ankolo," anatero.

"Mukalizika mundijambulire. Ndidzakaonetse anzanga ku Limbe."

Foni inaduka. Matilda anakhala kaye pampando, thabwa lili pamiyendo. Kenako analibwezera m'pepala lija, n'kulilowetsa kuseri kwa kabati, nayamba kusita yunifolomu ya mawa.