Mwala Wonolera Makasu

Chimwalirireni amuna awo, amake mapasa sanagalauzepo munda ndi manja. Mvula ikangonunkhira, alamu awo, akulu ake a malemuwo, ankabwera ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo n'kulima minda yonse iwiri pamodzi, poti inali yogundana.

"Musavutike, alamu," ankatero bambowo. "Ana a mng'ono wanga ndi anga."

Amake mapasa ankawatamanda paliponse, kuchitsime, kuchigayo, ngakhale pamaliro. Amayi anzawo ankangoyang'anizana. Mayi wina wogulitsa tomato ndiye ankakonda kufunsa kuti, "Nanga munda wadzuka bwanji, anzanga? Ukuondabe?" Onse n'kufa nacho chiseko. Amake mapasa ankaseka nawo, poyesa kuti akunena za kuguga kwa nthaka, ndipo ankasenza manyowa a mbuzi mpaka khosi kuuma. Koma zokolola zinkangochepa, chonsecho mapasa akukula, ndipo munda womwewu ndiwo adzagawane.

Chaka chino udzu unakula msanga, khasu lopalira n'kubuntha. Apa m'pamene anakumbukira mwala wa malemu, wozikika pansi, wosalala pakati pomwe ankanolerapo makasu. Unali m'munda mwawo, chakufupi ndi malire. Mapasa ali makanda ankawagoneka pambali pake.

Anaufunafuna m'chimanga chawo mpaka mzere wotsiriza, osaupeza. Analowa mu mtedza wa alamu awo, akuponda mosamala kuti asathyole mbewu za eni. Anaupeza mkati mwenimweni, masamba ataufunditsa. Atacheuka, chimanga chawo chinali patali moti ngakhale kuponya khasu silikanafikako.

Akazi a alamuwo, amene ankapalana nawo moto ndi kubwerekana mchere, ankapalira chapomwepo.

"Mwasochera, amake mapasa?"

"Ine ayi. Wasochera ndi mwalawu. Unayamba liti kuyenda?"

Mayiwo anayang'ana pansi. "Pulawo ikamakhota imadyako pang'ono. Mizere ingapo pachaka basi."

"Inu mumadziwa?"

"Ndani sadziwa m'mudzi muno? Ife timati mwina munagwirizana, kuti ndiko kuthokoza ng'ombe."

Amake mapasa anakhala pamwalapo. Kani kuonda kuja n'kumeneku. Anakumbukira nkhuku yoikira mazira imene anawapatsa alamuwo chaka chatha, atagwada, pamaso pa anthu omwe ankasekawo.

Alamu anatulukira kunjira akuimba likhweru. Atawaona pamwalapo, likhweru linaduka.

"Aa, alamu! Bwanji osanena kuti khasu labuntha? Tupa ndili nayo kunyumba."

"Ndazolowera mwala wa bambo a mapasa."

"Miyalatu imafanana."

"Uwu unadyeka ndi dzanja la mng'ono wanu. Bwerani muukhudze."

Bambowo sanasunthe.

"Munkati ana ake ndi anu," anatero amake mapasa motsitsa mawu. "Sindinkadziwa kuti mukuwerengera ndi munda womwe."

Anathira madzi a m'chigubu pamwalapo n'kuyamba kunola, pang'onopang'ono, monga ankachitira malemu. Misozi inkagwera pomwepo, iwo osaipukuta. Khasu litathwa anaimirira, n'kuyamba kupalira mtedzawo kuchokera pamwala kulowera kuchimanga chawo.

"Mukutani kodi, alamu?"

"Ndikupalira m'munda mwa ana anga. Mbewu yanu ndidzakubwezerani pokolola." Anatema udzu wina, osadzutsa mutu. "Ng'ombe zija muziuze kuti chaka chamawa zipume. Zadya mokwanira."