Munsi wa Che Sikina

Thumba lachinayi linali pamutu panga pamene Che Sikina anandikoka chitenje kumbuyo n'kundifunsa ngati zimene tinkachitazo sizinali tchimo. Ndinawauza kuti tchimo ndi kuba, koma kutenga mtedza wako n'kupita nawo kwa mnzako ndi kungoupititsa kocheza. Anaseka pang'ono, n'kundisiya. Pamene ana ankadutsa kupita kusukulu, matumba onse asanu ndi limodzi anali atagona kuseri kwa bedi langa, ndipo kachipinda kawo kosungiramo katundu tinali titakasesa mpaka mbewa ikanalowamo ikanatuluka ikulira.

Ine ndine Maness, koma kuno ku Lirangwe ngakhale amene ndinabadwa nawo chaka chimodzi amanditcha azakhali. Sukulu ndinalekezera sitandade thuu, tsiku limene ndinaika chule m'chipewa cha aphunzitsi. Che Sikina ndi anzanga a khomo loyandikana. Iwo ku mzikiti Lachisanu, ine kutchalitchi Lamulungu, koma mchere timapatsana masiku onse. Ntchito yawo inali nsinjiro. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akusinja mtedza mu mtondo umodzimodzi, kusefa, kuika m'timajumbo, ndipo amayi ophika m'malesitilanti a ku Lunzu sankafuna nsinjiro ya munthu wina. Koma phewa lawo lamanja linali litayamba kukana. Pomanga mpango kumutu ankachita kuwerama kuti mutu ukumane ndi dzanja.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera anthu a kafukufuku kudzalemba mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo akamaliza boma lidzapereka zipangizo: ena makina osokera, ena tizigayo ta mtedza ta injini. Nditangomva za kachigayoko ndinaona phewa la Che Sikina likupuma.

Tsono za mafomu ine ndinkadziyesa mphunzitsi wamkulu. Chaka cha makuponi a feteleza ndinaona ndi maso angawa a Wilkins a m'mudzi mwathu akudumphidwa chifukwa cha malata amene mwana wawo anawakhomera asanamwalire, pamene ena anabwereka nsanza n'kulembedwa. Kuyambira pamenepo ndinkaphunzitsa mudzi wonse kuti munthu wa fomu akafika, umphawi uziuvala ngati diresi ya paukwati. Nkhuku uzithamangitsire kwa aneba. Wailesi uivundikire ndi lichero. Akakufunsa za chakudya, uyambe wayang'ana kumwamba.

Mtsikana wa kafukufuku anafika pa kabaza dzuwa litakwera. Dzina lake Leah, wa kukoleji ya m'tauni, nsapato zoyera ngati sanapondepo dziko la Malawi. Anali waulemu, anagwada potipatsa moni. Anafotokoza chimene anabwerera, mawu ambirimbiri, ndipo pano ndimakumbukira kuti ananenadi zoti akufuna kudziwa mabizinesi amene amatulutsa zambiri ndi zochepa zimene ali nazo, kuti thandizo likafika lisakagwere pansi. Ananena. Koma ine nthawi imeneyo ndinali kalikiliki kukonza nkhope yanga yachisoni, makutu ndinali nditawatuma kwina.

Anatulutsa fomu ndi bolopeni.

"Amayi, bizinesi yanu ikuyenda bwanji?"

"Tikungoyesera, mwanangu," anatero Che Sikina, maso ali pansi.

Apa ndiime kaye. Kwathu kuno ngakhale munthu wa magolosale atatu ukamufunsa amayankha choncho. Sunganene kuti zikuyenda, ngati kuti wadzilenga wekha, ndiponso sudziwa amene akumvera kuseri kwa mpanda. Koma pa fomu ya Leah panali timabokosi titatu, ndipo anatiwerengera: bizinesi yokhazikika, bizinesi yongoyesera, bizinesi yakugwa. Mwanayo sanali wopusa ayi. Anaimitsa bolopeni m'mwamba n'kufunsanso ngati akunena kuyesera kwa ulemu kapena kuyesera kwenikweni. Che Sikina anatsegula pakamwa, ine n'kuwaponda chala.

"Kwenikweni," ndinatero. "Ayamba dzana dzanali. Inenso ndikuwauza kuti angosiya."

Leah anapempha kuona mosungira katundu. Tinamuonetsa kachipinda kosesa kaja, momwe munali kambale kamodzi ka mtedza pakona, kokhala ngati mwana wamasiye. Kenaka anatulutsa wotchi, nati akufuna aone kuti mbale imodzi imatenga nthawi yaitali bwanji kuti isanduke nsinjiro. Izi ndinali nditawakonzekeretsa kale anzangawo: azisinja mozengereza, azitsokomola pakatipakati. Koma manja a zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi samva malangizo. Munsi ukangokwera unkapeza wokha kayimbidwe kake, du, du, du, kopepuka kaja kosafinya mtedza mpaka kutuluka mafuta. Ine ndinkatsokomola kuti akumbukire, iwo n'kudzidzimuka, n'kuyamba kuphonya dala. Sindinaonepo munthu akuvutika chotero kuti alephere.

Zili choncho, pa mpanda panaima kabaza wina. Anali Lily wa lesitilanti ya ku Lunzu, atanyamula ndowa ziwiri zodzatengera nsinjiro yake ya mlungu umenewo. Ndinamuthamangira asanatsike n'komwe, ndinamunong'oneza kuti abwere madzulo, n'kumubweza. Leah atafunsa kuti anali ndani, ndinati ndi wachibale wosokonekera mutu amene amayenda ndi ndowa paliponse. Analemba zimene analemba. Atapita tinakatenga matumba aja tikuseka mpaka misozi, ine ndikudzitama kuti kachigayo kali kale pa msewu.

Patapita miyezi itatu tinaitanidwa pa bwalo la sukulu kukamva mayina. Bambo wa kuboma anayamba ndi kufotokoza kuti ili si thandizo la njala. Zipangizo zikupita kwa amene kafukufuku waonetsa kuti bizinesi yawo ndi yokhazikika, ali ndi katundu, ali ndi ogula, ndipo ntchito imayenda m'manja mwawo. Anawerenga mayina khumi ndi awiri. Kachigayo ka mtedza kanapita kwa Agnes wa kutsidya kwa njanji, amene anaphunzira kusefa pa khonde la Che Sikina, ndipo tsiku la kafukufuku ndinali nditaiwala kukamulangiza.

Ndinkadikira kuti anzangawo anditukwane. Ndikanakonda akanatero. Iwo anangoimirira, kusasa fumbi pa chitenje, n'kunena kuti, "Tiyeni achemwali, mtedza ukundidikira." Njira yonse ankakamba za mvula.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi munsi, monga masiku onse. Koma tsiku limenelo ndinaumvetsera. Du, du, du, kenaka zii. Du, du, kenaka zii wautali. M'kati mwa zii ameneyo ndinkadziwa kuti atsamira mtondo, dzanja lamanzere likusisita phewa. Zaka zonsezi ndakhala ndikuseka anthu, ndipo akakwiya ndimawaseketsanso mpaka akhululuke. Koma phewa silimva nthabwala.

Kalata sindidziwa kulemba. Nditamva kuti a kafukufuku aja tsopano ali ku Chileka, ndinadikira Lachisanu, Che Sikina atapita ku mzikiti, ndinalowa m'khitchini mwawo n'kutenga munsi. Kondakitala wa minibasi ankafuna kuti munsiwo ulipire mpando wake, ndipo anandifunsa ngati ndikukamenya abambo akunyumba. Ndinamuuza kuti abambo anatsogola kalekale, ndikukasaka ena, ndipo iyeyo akuoneka wamphamvu. Sanalankhulenso mpaka pa Kameza, pamene ndinasintha galimoto.

Leah ndinamupeza m'kaholo kena pafupi ndi msika, atazunguliridwa ndi milu ya mafomu. Anandizindikira msanga, nandifunsa za wachibale wa ndowa uja. Ndinagoneka munsi pa tebulo, pamwamba pa mapepala ake, n'kumuuza zonse: za matumba, za chala chimene ndinaponda, za Lily. Ndege ina inadutsa pamwamba pa denga, ndipo tonse tinadikira kuti ithe kulira.

"Gwira apa," ndinamuuza.

Pakati pa munsiwo mtengo unali utalowa m'kati, wosalala ndi wakuda ngati wopakidwa mafuta, malo a zala zinayi ndi chala chachikulu akuonekera. Leah anaikapo dzanja lake. Linalowa lonse, malo n'kutsala.

"Munthu woyamba dzana sangadye mtengo chonchi," ndinatero.

Sanachotse dzanja lake pamunsipo. Kenaka anati iyenso anakayikira tsiku lija, poona mmene sefa inkavinira m'manja mwa mayiwo, koma iye amalemba zimene wauzidwa ndi zimene waona, ndipo anaona chipinda chopanda kanthu. Anatembenukira ku milu ya mafomu ija. Anati mu lipoti lake analemba kuti mabizinesi a amayi a dera lathu la kwa Chigaru ambiri ndi ofooka, sachedwa kugwa, ndipo aphunzitsi ake anamuyamikira kuti wapeza mfundo yofunika.

"Azakhali, amene anandinamiza ngati inu alipo angati?"

"Amene anaphunzira kwa ine? Mudzi wonse. Kupatula Agnes."

Ndinkaganiza kuti aseka. Sanaseke. Anatseka bolopeni yake pang'onopang'ono, n'kundifunsa kuti tsono munthu azifunsa bwanji kuti amve zoona. Palibe munthu wa sukulu anandifunsapo nzeru chibadwire, ndiye ndinakhala bwino pa mpando. Ndinamuuza kuti pakamwa pa munthu wosauka pamayankha fomu imene inapita, osati imene yabwera. Azifunsa njira yopita pakhomo ngati yamera udzu. Azifunsa a kabaza kuti amatsitsa anthu a ndowa pa nyumba iti. Azifunsa aneba kuti amadzutsidwa ndi chiyani. Ndipo akamva kuti tikungoyesera, aziyang'ana m'manja mwa amene wanenayo. Zonsezi analemba, ine ndikuona mawu anga akusanduka timizere.

Koma za kachigayo anandiuza mosabisa kuti mayina anatsekedwa, iye alibe mphamvu yowatsegula. Chimene akanatha ndi kubweranso kudzalemba fomu yatsopano, kuti gawo lachiwiri likadzabwera dzina lidzakhalepo. Liti, sankadziwa. Mwina chaka, mwina kuposa.

Nditafika kunyumba ndinapeza Che Sikina atakhala pafupi ndi mtondo wopanda munsi, mtedza uli m'lichero. Anandiyang'ana, anayang'ana chimene ndinasenza. Ndinathira mtedza mu mtondo n'kuyamba kusinja. Mbale yoyambayo ndinaifinya mpaka inasanduka chiponde, ndipo apo ndi pamene anandikalipira koyamba, kuti ndikusinja ngati ndikupha njoka. Mtima wanga unakhala pansi.

Leah anabweradi patatha milungu iwiri, nsapato zija zitafiira. Ulendo uno matumba tinawaunjika pakhonde, ndipo Lily anali pomwepo ndi ndowa zake, atamva kale kuti ndinamutcha wamisala. Ine ndinadzaza mtedza m'kamwa kuti ndisalankhule. Leah anatsegula fomu.

"Amayi, bizinesi yanu ikuyenda bwanji?"

Che Sikina anayang'ana matumba, anayang'ana ine, anayang'ana kumpanda. Ndinaona mawu ena akukwera pakhosi pawo, n'kubwerera.

"Tikungoyesera, mwanangu."

Leah anangoyang'ana m'manja mwawo, n'kuchonga kabokosi koyamba.

Kachigayo kanafika patadutsa mvula ziwiri. Pofika nthawi imeneyo dzanja lamanja la Che Sikina silinkakweranso kupitirira chifuwa, ndipo mpango amawamanga ndi mdzukulu wawo mpaka lero. Zaka ziwiri zimenezo wosinja ndinali ine, iwo akusefa chokhala, akundinena kuti ndine wantchito waulesi kuposa onse a m'boma la Blantyre.

Masiku ano injini ikalira m'mawa, munsi uja ntchito yake ndi kutchinjiriza chitseko cha kachipinda ka chigayo kuti mphepo isachimenyetse. Tsiku lina ndikuuchotsa ndinauyang'anitsitsa padzuwa. M'munsi mwa malo akuda aja a dzanja la Che Sikina mwayamba kuoneka ena, osaya, ongoyera pang'ono. Ndinaikapo dzanja langa, ndipo linakwana ndendende.