Matayala Padenga la a Teofilo

M'mawa wailesi inati namondwe amene akubwera ndi wamng'ono. A Teofilo, msodzi wa pachilumba chathu chino, anasanjika matayala akutha padenga kuti mphepo isalisasule, monga timachitira tonse, n'kuwamanga ndi chingwe. Kwa iwo nkhani inathera pomwepo. Akazi awo a Nenita anali atalongedza kale mpunga ndi zofunda kuti akabisale kusukulu ya kumtunda.

"Tsogolani, mayi," anatero bambowo akusisita tambala wawo womenyana. "Kamphepo komweka ndisiyire nyumba?"

"Ndiye tifera limodzi," a Nenita anayankha, n'kukhalira katundu uja.

Apo m'pamene panafika a Corazon, a m'komiti yoona za ngozi m'mudzi.

"Achimwene, dzulo munapita panyanja. Madzi anali bwanji?"

"Ofunda ngati osambitsira khanda."

"Chakudya cha namondwe n'chomwecho. Akadutsa pamadzi ofunda amatha kukula msangamsanga, ngakhale akatswiri a zanyengo osayembekezera. Wailesi sinaname, koma inanena za m'mawa. Nyamulani mfumu yanu yanthengayo, tiyeni!"

Anapita akung'ung'udza, tambala ali m'khwapa. Kusukulu tinawaseka. "Mwabwera kudzalembetsa mwana, a Teofilo?"

Masana kuseka konse kunatha. Kumwamba kunada bii, mphepo n'kuyamba kulira mawu amene ine sindinawamvepo chibadwire. Pazenera tinaona mitengo ya kokonati ikuwerama mpaka kugunda pansi. Kenako nyanja yomwe imatidyetsayi inadzuka, n'kuyenda pamtunda, kulowa m'mudzi khomo ndi khomo. Ndinachita mantha, komanso ndinalephera kuchotsapo maso. Wailesi inali ikulengeza tsopano kuti namondwe wakula koopsa, koma panalibenso njira yoti munthu n'kudutsa.

Kutacha tinatsetsereka. Pamene panali nyumba ya a Teofilo panatsala mizati yokha. Tayala limodzi tinalipeza litakolekeka pamwamba pa mtengo wothyoka, chingwe chikulendewera.

A Teofilo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira dzanja la akazi awo.

"Mukanafa chifukwa cha ine, mayi," anatero chapansipansi. "A Corazon, wakutsina khutu ndi mnansi."

Anzanga, namondwe wamng'ono wa m'mawa akhoza kukhala chilombo pofika masana. Mverani wailesi mobwerezabwereza, ndipo akakuuzani kuti musamuke, samukani njira ikadali youma. Denga limamangidwanso, munthu ayi.