Njinga Yosaima ya a Chidindo

Kuyenda kokha njinga ya a Chidindo inkayenda bwino, palibe angatsutse. Vuto linali pa kuima.

A Chidindo anali munthu wamfupi. Zaka zonse zimene anagwira ntchito ku ofesi ya ziphaso zimenezi sizinkaoneka, poti ankakhala kuseri kwa tebulo lalikulu, pampando wokwezeka, chidindo chili m'manja, ndipo aliyense wobwera pamaso pawo ankafika atawerama kale. Dzinalo linachokera pomwepo. Atapuma pantchito anangoona kuti anthu aja awongoka, ndipo onse ndi aatali. Woyamba anali mkazi wawo yemwe, mayi a mazira, amene ankaweta nkhuku zoikira kuseri kwa nyumba ndipo ankawaposa amuna awo ndi mutu wathunthu. Pa zithunzi zonse za pabalaza mayi anali chikhalire, bambo chiimire.

Penshoni itatuluka, anagwirizana zogula njinga yamoto yonyamulira mazira. Mayi anali atatopa kusenza mathileyi kupita nawo kumagolosale, khosi linali litayamba kudandaula. Anapita onse awiri kusitolo ya njinga.

Wogulitsa anali bambo wa tayi yofiira ndi lilime lothira shuga. Anawayendetsa mzere wonse.

"Aka ndi kasikuta, bwana. Kopanda magiya, mumangopotokola basi. Pansi pa mpando pali poika chikwama. Amakakonda anamwino ndi aziphunzitsi."

"Ndikuoneka ngati namwino ine?"

"Ayi bwana. Iyi ndiye ya kabaza. Mafuta imangonunkhiza. Mpando wautali, imanyamula chilichonse, anthu, matumba, mbuzi, zitseko."

"Kuti anthu azindiimitsa pamsewu n'kumandifunsa mtengo wa kumsika?"

Panalinso ina yofiira, yothamangitsana, yoti wokwerapo amagona chafufumimba pathanki ngati akupepesa. Imeneyo a Chidindo anaidutsa okha osauzidwa. Chibadwire anali asanapepesepo munthu.

Mayi anali ataima kale pa ya matayala atatu, yokhala ndi ngolo kumbuyo, akuyeza ngoloyo ndi chikhatho. "Bambo, yathu ndi iyi. Mathileyi onse ulendo umodzi, pobwerera matumba a chakudya cha nkhuku. Ndiponso siigwa, ngakhale woyendetsa atasinza."

"Imeneyo ndi wilibala ya injini," anatero a Chidindo osacheuka. Maso awo anali pakona, pomwe panaima njinga yayitali miyendo ngati kakowa, matayala a manomano, chotchinga matope chili m'mwamba.

"Iyo bwana ndi ya m'tchire, ya m'mapiri ndi m'matope. Amayendera akuluakulu a mabungwe akamakaona ntchito kumadera kovuta."

Mawu oti akuluakulu analowa n'kukhazikika. Wogulitsa anakankha kileti ndi phazi mwakachetechete, a Chidindo anapondapo n'kukwera njingayo ili pasitandi. Kwa nthawi yoyamba chipumire pantchito, anaona paliwombo pa mkazi wawo.

"Yakukhalani bwana, ngati anachita kukuyezani," anatero wogulitsa.

"Tatsitsani mwendo tione," anatero mayi.

"Mayi, tili pagulu pano."

"Kwathu kulibe phiri, bambo. Kuli mazira."

Anatuluka atagwirizana kuti akaganize kaye. M'mawa mwake a Chidindo anapita kukaganiza okha, ndipo masana njinga ya m'tchire inalowa pageti.

Kuyendetsa ankatha, anaphunzirira pa kanjinga ka ku ofesi kalekale. Koma atafika pabwalo n'kutsitsa mwendo, mwendowo unangopalasa mphepo. Mwayi wake khonde la nyumbayo linali lokwera. Anapotoza mofulumira, phazi linagwera pakhonde, ndipo anatsika ngati mmene anakonzera ndi momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo a Chidindo anayamba kulidziwa tauni mwa njira ina. Ena amadziwa misewu ndi mayina, iwo ankaidziwa ndi popondera. Panali khonde la kunyumba. Panali chitsa cha mtengo pafupi ndi ometa tsitsi, sitepe ya pasitolo ya mankhwala, ndi kakhoma ka pomwetsera mafuta. Kupatula pamenepo, dziko lonse linali longodutsa. Akaona kutsogolo kuti magalimoto aima, ankakhotera m'kanjira kalikonse, n'kutulukira kumene sanalinge. Ulendo wokagula sopo unkawafikitsa kuseri kwa manda ndi kumalo otayira zinyalala. Anakapempha wosoka nsapato kuti awaonjezere chidutswa cha tayala kunsi kwa nsapato ya kumanzere, akuti dokotala ndiye wanena. Chimene anapindula n'kuyenda motsimphina. Pansi panali patali ndithu.

Anzawo akale akawakodola pamsewu, iwo ankangokweza dzanja n'kuponya theka la moni, theka linalo n'kupita nalo. Anthu anayamba kunena kuti a Chidindo atanganidwa kuposa kale, mwina boma lawaitananso. Mphekeserayo itawafika, sanaitsutse.

Mayi sanakwerepo njingayo. Akapempha, yankho linali loti injini ikadali yatsopano, siifuna katundu. Choncho mathileyi anapitiriza kuyenda pamutu.

Tsiku lina khosi linakaniratu. Mayi anamanga okha mathileyi kumbuyo kwa njinga ndi malamba a chubu, nsanza pakati, n'kunena kuti, "Mwini golosale yaikulu ija akuwafuna isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Ndi kasitomala wanga wamkulu, bambo. Chonde."

Golosaleyo inali moyandikana ndi sitolo ya mankhwala, ndiye a Chidindo ananyamuka mtima uli m'malo. Atafika anapeza lole ya zakumwa itaima ndendende pa sitepe yawo. Anadutsa. Anazungulira kuseri kwa msika n'kubweranso, lole ili pompo. Mwini golosale anatuluka n'kuima pakhomo, akukupiza manja.

"Akulu! Mazira angawo!"

"Ndikubwera!" anakuwa a Chidindo, akupita.

Anabweradi, kangapo konse, ndipo ulendo uliwonse ankalonjeza zomwezo. Oyendetsa lole anali atapita kukadya. Mafuta atayamba kuchepa, a Chidindo anabwerera kunyumba ndi mazira onse amphumphu, ngakhale limodzi losweka, zimene iwo anaona kuti n'zoyenera kuyamikiridwa. Madzulo mwini golosale anaimba foni kuti wapeza wina woti azimubweretsera mazira, woyenda pansi.

Mayi sanakalipe. Anakhala pampando wa kukhitchini, nsalu yotentha ili pakhosi.

"Bambo, ingonenani kuti miyendo siifika."

"Imafika."

"Imafika pati?"

"Misewu ya masiku ano ndi imene akuimanga motsika. Nkhani imeneyi ndikailembera kalata."

"Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, msinkhu wanu ndikuudziwa, ndinaukonda ndekha popanda wondikakamiza. Chimene chanditopetsa n'kukhala ndi munthu woti chinthu chili poyera, iye akuti palibe. Mukanena, tikaibweza, tikatenga ya ngolo ija, nkhani yatha."

"Palibe chonena," anatero a Chidindo, n'kupita kukapukuta magalasi a njinga.

M'mawa anadzuka m'nyumba muli zii, kupatula nkhuku zimene zinkachita phokoso la njala. Chikwama chachikulu cha pamwamba pa wadiropu panalibe. Pabwalo anapeza mayi a nyumba yoyandikana nayo akusesa malo amene anali atasesa kale.

"Anzanu apita kudepoti," anatero mayiwo asanafunsidwe. "Akuti akukakhala kwa achemwali awo. Ndawafunsa kuti mubwera liti, akuti mufunse njinga."

A Chidindo analowa m'nyumba, anatuluka, analowanso. Anatsegula khola n'kulitseka. Achemwali a mkazi wawowo ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo anali munthu woti chiyambire ankanena kuti mng'ono wawo anakwatiwa ndi tebulo. Mayi akakafika kumeneko, kubwerera kunali kokayikitsa. A Chidindo anavala chisoti, anakwera pakhonde, naliza injini.

Ali m'njira anayesa kukumbukira popondera pa kudepoti. Sanapapeze. Depoti inali bwalo lafumbi, lathyathyathya ngati tebulo lawo lakale, lopanda chitsa, lopanda mwala.

Basi inali itatsala pang'ono kudzaza. Mayi anali pawindo la kumanzere, chikwama pamiyendo, maso kutsogolo. A Chidindo anachepetsa liwiro mpaka njinga kuyamba kunjenjemera.

"Mayi! Tatsikani tikambirane za..."

Anaidutsa basi yonse, mawu asanathe. Anazungulira kumbuyo, anapewa wogulitsa nthochi, anadutsa kutsogolo, nafikanso pawindo.

"...za nkhuku! Sizinadye!"

"Chakudya chili m'thumba la buluu," anatero mayi osatembenuka.

Ulendo wachitatu anthu a m'basi anali atasamukira mbali ya kumanzere. Akabaza amene ankadikira makasitomala pansi pa mtengo anaimirira kuti aone bwino, aliyense mapazi onse awiri ali pansi, njinga ili pakati pa miyendo, ngati akuchitira dala.

"Madala, mabuleki athawa?"

"Ayi, akuyesa mayeso a laisensi!"

"Bwana, tikuikireni kileti?" anafunsa wogulitsa zakumwa, ndipo ankanena zoona, kileti ili m'manja.

"Sindikufuna kileti ine!" anakuwa a Chidindo. "Ndikungoona malo!"

Kondakitala anamenya basi m'nthiti. "Wotsala mmodzi! Achimwene a pakakowa, mukukwera kapena mukutilondera?"

Pawindo, mayi anatembenuka tsopano. "Bambo, mukundichititsa chizungulire. Ngati muli ndi mawu, imani munene."

"Ndinena pobwera!"

"Pobwera mupeza fumbi."

Munthu wotsala uja anakwera, ndi nkhuku yake kukhwapa. Chitseko chinatsekedwa. Dalaivala analiza injini, utsi wakuda unawaphimba a Chidindo ali kumbuyo kwa basi. Atatulukira kutsogolo anaona matayala ayamba kugudubuzika. Anayang'ana uku ndi uku komaliza, mwina mwala ungamere. Wa kileti uja anali kutali, mbali inayo. Panali fumbi lokhalokha, ndi anthu ambiri kuposa amene anaimapo pamzere wa ku ofesi kwawo.

Anafika pawindo, anafinya kilatchi, naponda buleki.

Njinga inaima. Kwa kanthawi inaima yokha, mowongoka, ngati ikuganiza. A Chidindo anatsitsa mwendo wa nsapato ya tayala ija, mwendo unapalasa mphepo monga mwa masiku onse, kenako dziko linapendekeka pang'onopang'ono mpaka phewa linafika pansi, njinga pamwamba pawo. Depoti yonse inati "Eee!" Dalaivala anaimitsa basi, poti palibe dalaivala amene angasiye zoterezi.

Mayi anatulutsa mutu pawindo. "Mwavulala?"

"Ayi."

"Ndiye nenani."

A Chidindo anayang'ana kumwamba. Kuchokera pamene anagonapo, aliyense anali wamtali, ngakhale ana.

"Siifika," anatero.

"Chiyani?"

"Miyendo."

"Kwezani mawu bambo, injini ikusokosa."

"Miyendo siifika!"

"Ifetu tinaona kalekale, madala," anatero wakabaza wina, akuwachotsa njinga pamwamba mothandizana ndi mnzake. Anaidzutsa ndi ulemu, akuisisita thanki. "Koma chinthu chokha ndi chabwino. Kumapiri chimauluka ichi."

Mayi anatsika ndi chikwama chawo. Kondakitala anayamba kufotokoza kuti tikiti sabweza, mayi anangomuyang'ana kuchokera m'mwamba, iye anakumbukira ntchito ina. Mayi anawakuntha amuna awo fumbi kumsana, mwamphamvu pang'ono kuposa mmene fumbilo linkafunira. Kenako anawavula chisoti n'kuvala iwo, anamanga chikwama kumbuyo, anakwera n'kukhala chakumbuyo kwa mpando, natsitsa miyendo yonse iwiri. Mapazi anakhala pansi bwinobwino, mawondo n'kutsalako opindika.

"Kwerani. Ndaigwira."

Nthawi ino a Chidindo analandira kileti.

Anatuluka m'depoti anthu akuimba miluzu. Pamphambano ya msewu waukulu panali magalimoto ataima, ndipo manja a a Chidindo anayamba okha kufunafuna kanjira kothawira. "Imani," anatero mayi kumbuyo. Anaima. Njinga siinagwe. Anakhala pamenepo pakati pa msewu, injini ikuguguma pansipansi, akuona zinthu zimene miyezi yonseyi ankangozidutsa: sitolo yatsopano ya utoto, mtengo umene anaudula, mnzawo wakale wa ku ofesi amene anawapatsa moni ndipo iwo anayankha wonse mpaka kumapeto, ndi za ana zomwe. Anaganiza kuti mwina nkhani yatha bwino, njinga ikhoza kukhala, bola mayi azikwera nawo.

Magalimoto anayamba kuyenda.

"Kumanzere," anatero mayi.

"Kunyumba ndi kumanja, mayi. Nkhuku sizinadye."

"Zidikira. Kusitolo ya njinga ndi kumanzere."

"Komatu taonani mmene tikuyendera bwino awiriwiri. Munthu ukaganiza mofatsa..."

"Bambo, ndikweze miyendo?"

A Chidindo anayatsa indiketa ya kumanzere.