Mizere Yofiira ya Malemu

"Ndani wafufuta mizere ya ababa?" anakuwa mwana wa malemu ataima m'shedi yophikira sopo.

"Ndine," anatero azakhali ake, chikolopa chili m'manja. "Anthu a pamaliro akanaona khoma lokhwatchakhwatcha ngati la ana a mkaka?"

Sizinali zokhwatcha wamba. M'mawa uliwonse malemuwo ankayeza mitanda ingapo ya sopo pasikelo n'kuika kadontho ka choko pakhoma, pakati pa mizere iwiri yofiira. Kadontho kakalumpha mzere, wapamwamba kaya wapansi, sopo wa tsikulo ankabwerera mumphika. N'chifukwa chake wagolosale ankagula kwa iwo okha. Tsopano anali atatumiza chipepeso, n'kuwonjezera kuti sopo akasintha kulemera, akagula kwina.

Mwanayo anasanthula nyumba yonse. Sopo wa malemu anali atatha ndi olira maliro, koma pamwamba pa kabati anapeza mitanda itatu. Anaiyeza. Wolemererapo anati ndiwo mzere wapamwamba, wopepukitsitsa wapansi, nalemba mizereyo pakhoma.

"Itatu yokha?" anafunsa azakhali. "Ine amuna anga ndinawaona katatu tisanakwatirane. Katatu konseko anali asanamwe."

"Aza, awa ndi masamu, si ukwati."

Mwanayo anaphika, nayeza. Kadontho kanagwera pamwamba pa mizere yonse iwiri. Anabweza sopo mumphika, naphikanso. Kadontho kanakwera pomwe paja.

"Sikeloyi nayonso ili pachisoni," anatero azakhali.

Amayi a mwanayo anabwera atamva fungo la sopo wopserera. Anayang'ana khoma, kenako mitanda itatu ija.

"Imeneyi waitenga pati?"

"Pakabati, amayi."

Amayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko, koyamba chichitikire maliro.

"Mwanawe, imeneyo ndi yolephera! Mtanda ukapepuka, abambo ako sankaugulitsa, ankauika pakabati kuti tisambire ife. Ine chikwatiwire sindinasambepo sopo wokhoza mayeso."

"Ndiye kuti amene ndakhala ndikubweza mumphikayu..."

"Anali wabwinobwino," anatero azakhali. "Masamu."

Mwanayo anakhala pachigubu. "Nanga mizere ndiilemba bwanji?"

"Suilemba lero. Abambo ako poyamba ankangoika madontho tsiku ndi tsiku, khoma lili lopanda mzere, mpaka madontho anachuluka ngati nthomba. Ndipamene anagula choko chofiira."

"Wagolosale adikira zimenezo?"

"Ndikalankhula naye ndekha. Anawadikira abambo ako akuzengereza chomwechi, ndipo sanafe."

Amayi analanda chikolopa kwa alamu awo n'kufufuta mizere ya mwana wawo. Anaika mtanda watsopano pasikelo, nadikira muvi wa sikelo uleke kunjenjemera monga ankachitira malemu, n'kuika kadontho kamodzi pakhoma loyera.

Kenako anasankha wopepukitsitsa mwa itatu ija, naununkhiza pang'ono, n'kulowera kubafa.