Chitenje cha pa Tebulo la Pasaka

Upile ankafuna kuti tebulo la Pasaka likongole. Chibwenzi chake Kenan chinali kubwera kuchokera ku Indianapolis, ndipo chikafika chikatenga mayi ake, amene ankakhala mu South Bend momwemo, mzinda wa ku Amereka umene Upile ankakhala, kuti adzadye kwa Upile. Ndalama zinali zochepa, ndiye mtsikanayu anakwera basi kupita kushopu ya kaunjika. Anasankha mbale zitatu zosafanana, botolo loikamo maluwa ndi makandulo awiri. Mumtima anali atayamba kale kuwamva mayiwo akuti, "Mpongozi wanga ndiye uyu."

Akusanthula nsalu yoyala patebulo, dzanja lake linakoka chitenje chobiriwira cha mbalame zachikasu. Atachitembenuza anaona ulusi wofiira m'mphepete, womwe anasoka yekha masiku atatu. Chinali chitenje chija anachokera nacho ku Zomba, chimene anawapatsa mayi a Kenan pa Khirisimasi, atagwada. Sichinavalidweko n'komwe.

Anachigula kachiwiri.

Lamlungu atachoka kutchalitchi, anachiyala patebulo, mbalame zonse zili poyera. Ankafuna awaone mayi a Kenan akuchita manyazi. Ngakhale mayiwo atanama, bola, iye akanadziwa kuti akukumbukira.

Atafika ndi Kenan, mayiwo anakhala pansi nasisita nsaluyo.

"Koma ndiye chitenje chokongola, iwe... Kenan, dzina lake ndani paja?"

"Ndi Upile, Mami."

"Eya, Upile. Wachipeza kuti kuno ku Amereka?"

"Ku kaunjika, Amayi. Mwini wake sanachifune."

"Anthu ena alibe maso," anatero mayiwo, uku akudzipakulira mpunga.