Makande Sapondedwa

Mbewu zinafanso. Emma anaima kuseri kwa nyumba yake ku Thuchila, manja m'chiuno, akuyang'ana mpiru umene unachita chikasu n'kugona m'matope. Aka sikanali koyamba. Mtima wake unali m'mwamba chifukwa kusikelo alangizi a zaumoyo anamuuza mosabisa kuti mwana wake, Kondie, sakukwera ndipo magazi ndi ochepa. Anati mwanayo azidya masamba tsiku lililonse, osati patsiku la msika pokha.

Musaganize kuti Emma anali mlesi, ayi ndithu. Kwawo m'munsi mwa phiri, chakufupi ndi Chambe, dothi ndi lofewa ndipo madzi sachedwa kulowa. Kumeneko iye anakula akubzala masamba m'timabedi tolowa pansi kuti madzi aziimamo. Koma kuno kumene anasamukira ndi mwamuna wake, Jailos, ndi makande okhaokha. Mvula ikagwa amamata kukhasu ngati phala la chinangwa. Dzuwa likaswa amang'aluka ming'alu yoti mwanapiye n'kugweramo.

Jailos anali woumba njerwa, ndipo zoona mkazi wake akuvutika pachabe zinamukwana.

"Mayi a Kondie, dothi ndimalidziwa ine," anatero. "Ili ndi la njerwa, osati la ndiwo. Mvula ikangotha ndikumba dzenje pomwepa ndiyambe kuumba."

Emma anasowa pokhala. Malo ena analibe, ndipo dimba likasanduka dzenje ndiye kuti masamba a mwana apita. Analowa m'nyumba, kutuluka, kulowanso. Anazula mpiru umodzi n'kuununkhiza, mizu yoola. Tsidya la mpanda, m'dimba la mnansi wawo, Mayi Pilato, masamba anali biriwiri pa makande omwewo. Kwa nthawi yaitali ankangosuzumira, manyazi atamugwira kuti mlimi wobadwira kuphiri akafunse kalimidwe. Koma safunsa anadya phula. Tsiku limenelo anabereka Kondie n'kupita kukaodira.

Mayi Pilato sanayambe ndi malangizo. Anabwera kudimba la Emma n'kumuuza kuti awaonetse mmene amachitira. Emma anafotokoza zonse: amakumba bedi lalikulu lolowa pansi, amagaula dothi likadali lonyowa chifukwa ndi pamene khasu limalowa, ndipo anathiramo mchenga wakumtsinje kuti lifewe. Polankhula analowa pakati pa bedi n'kuzula udzu, mapazi akutitimira.

Mayi aja anapukusa mutu n'kuitana Jailos. Anamufunsa kuti njerwa amaumba bwanji.

"N'zosavuta," anatero Jailos, mapewa m'mwamba. "Timakumba dzenje, kuthiramo madzi, kusakaniza ndi kamchenga, kuponda bwinobwino, kenako kusiyira dzuwa kuti..."

Maso ake anali pa mapazi a mkazi wake amene anadinda paliponse m'bedimo.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi akazi anga akhala akuumba njerwa?"

Emma anafuna kukwiya, koma tseko linamupeza. Ngakhale zinali choncho, Jailos sanagonjeretu. Anati apereka mpata mpaka mvula ithe, zikakanikanso dzenje likumbidwa.

Emma ndi Mayi Pilato anadikira kuti dothi lichite mbee. Mayi Pilato anamuphunzitsa Emma kufumbata dothi m'manja: likamata n'kunyezimira, khasu lipume, likamafumbutuka, ndiyo nthawi yolima. Mabedi anawakweza pamwamba, osati kuwalowetsa pansi, ndipo anali opapatiza moti dzanja limafika pakati munthu ataima m'kanjira. M'malo mwa mchenga anasakanizamo manyowa a mbuzi owolerana amene Mayi Pilato anamugawira, masamba a nandolo ndi mankhusu a mpunga. Pamwamba anaphimbira ndi udzu wouma. Tinjira tonse anatitsetseretsa kuti madzi azithamangira kunthochi za kumapeto, ndipo bedi la masamba othyola tsiku ndi tsiku analiika pafupi ndi khomo la khitchini.

Jailos poyamba ankangoonerera. Koma ataona mkazi wake akuterereka m'kanjira, anakatuta zibenthu za njerwa n'kuziyala monsemo. Anati akungochotsa zinyalala pabwalo.

Kenako inabwera mvula ya ku Mulanje, ija yosadziwa kukata. Emma sanakhale pansi, ankangoyendera pazenera. Itakata anathamangira kuseri. Madzi anali akuyenda m'tinjira kupita kunthochi, ndipo mabedi anali chiimire, mbande zili njo.

Mmene mvula inkatha, m'dimbamo munali bonongwe, mpiru, khwanya ndi tomato. Emma ankathyola mphika uli kale pamoto, n'kusinjirako pang'ono m'phala la mwana. Atapita kusikelo, alangizi anamwetulira n'kumuuza kuti Kondie wayamba kukwera, apitirize zomwezo. Emma anabwerera kunyumba mtima uli m'malo koyamba chichokereni kuphiri.

Anapeza Jailos m'dimba, ataona tomato wakupsa pakati pa bedi, mwendo atautukula kale.

"Bambo a Kondie, phazi limenelo likupita kuti?"

Jailos anabweza phazi pa zibenthu zake, nawerama, natambasula dzanja. Linafika. Za dzenje sanazitchulenso, ndipo chikombole chake cha njerwa anakaumbira nacho kwina.

Anzanga a kumakande, dothi lanu si loipa. Musalime likadali lonyowa, musalithire mchenga, ndipo musaliponde. Kwezani mabedi opapatiza, thiranimo manyowa, phimbirani ndi udzu, tsegulirani madzi njira, ndipo dimba likhale pafupi ndi pophikira. Makande mukawaponda amakupatsani njerwa, koma mukawasamala amadyetsa ana anu.